Za Cuma ca M'midzi: Cimene Banki Imafuna Kuona m'Mabuku a Msungacuma

Caka ciliconse masika akapita, ndalama za cimanga, soya ndi nsawa zitalowa m'manja mwa alimi, misonkhano ya makopaletivu imaculuka m'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa. Pamisonkhano yotere sipalephera kuimirira munthu wina wonena kuti nthawi yakwana yakuti bungwe ligule cigayo cakecake, kapena makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, kuti phindu lisamangothera kwa amalonda a m'tauni. Anthu amaomba m'manja. Wapampando, mlembi ndi msungacuma amatumidwa kuti akwere basi ya m'mamawa kupita ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi kukaonana ndi a ku banki. Madzulo nthumwi zija zimabwerako ndi mapepala oti zidzaze, ndipo pakapita milungu ingapo yankho limafika lakuti pempho lakanidwa.

Mau amene amamveka pambuyo pake ndi odziwika kale: akuti mabanki ndi a anthu a m'tauni, mlimi samuyesa kanthu. M'dandaulo limeneli muli coonadi ndithu, pakuti ciwongoladzanja m'dziko muno ndi cokwera, ndipo mabanki ambiri amacita mantha ndi ulimi wodalira mvula. Komabe kawirikawiri mlandu wa pempho lija umakhala utagamulidwa kale nthumwi zisanakwere basi. Unagamulidwira m'kabuku ka msungacuma, m'miyezi yonse ya caka capitaco, pamene ndalama zinali kulowa ndi kutuluka popanda wozilemba bwino.

Kuti zimveke cifukwa cake mabanki amaumirira mabuku, ndi bwino kukumbukira kumene dziko lacokera pa nkhani ya nkhongole. Mu Januwale 1965, ufulu uli ndi miyezi itatu yokha, Pulezidenti Kenneth Kaunda analankhula pamsonkhano wa ku Chifubu, mu mzinda wa Ndola, kulimbikitsa anthu kuti apange makopaletivu, ndipo analonjeza kuti Boma lidzawathandiza ndi ndalama. Anthu anamva. M'zaka zowerengeka mabungwe mazanamazana analembetsedwa, ena a ulimi, ena a zomangamanga. Boma linali kupereka ndalama kwa ozula zitsa m'minda yatsopano, ndipo bungwe la Credit Organisation of Zambia linakongoza mbeu, feteleza ndi mathirakitala. Colinga cinali cabwino, koma makopaletivu ambiri analandira ndalama alibe munthu ngakhale mmodzi wodziwa kulemba buku la ndalama. Thirakitala ikaonongeka panalibe ndalama yoikidwa padera yokonzera. Ena anaona nkhongoleyo ngati mphoto ya kumenyera ufulu. Pofika 1970 bungwe lokongozalo linathetsedwa lili ndi nkhongole zambiri zosabwezedwa, ndipo m'malo mwake munalowa Agricultural Finance Company.

Mbiriyo inadzabwerezanso. Lima Bank, imene inakhazikitsidwa mu 1987 kuti izikongoza alimi, inakumana ndi cilala ca 1992, ndipo mu 1993 ciwongoladzanja ca m'mabanki cinapitirira K100 pa K100 iliyonse pacaka. Alimi ambiri analephera kubweza, ena mwadala, ena kaamba ka mabvuto enieni, ndipo mu 1997 bankiyo inatsekedwa. Akuluakulu a m'midzi amene anakongolako kumeneko akali moyo, ndipo akhoza kusimba okha mmene ngongole ya feteleza inasowera m'zaka zotsatira.

Mabanki a masiku ano anatengapo phunziro pa zonsezi. Ndalama zimene amakongoza si za Boma ai, ndi za anthu amene anasungitsa kumeneko, ndipo Bank of Zambia, imene imayang'anira mabanki onse, imalamula kuti banki iike ndalama padera pa nkhongole iliyonse imene ikukayikitsa kubwezedwa. Cotero kalaliki wa nkhongole akakhala pansi ndi nthumwi za bungwe, safuna kumva kukoma kwa cigayo, pakuti akukudziwa kale. Afuna kudziwa ndalama zobwezera zidzacokera kuti, mwezi uti, ndipo ndani angamutsimikizire zimenezo ndi mapepala. Wapampando angakhale wodziwa kulankhula cotani, funso limeneli limagwera msungacuma.

Nchito ya msungacuma wozolowera imayamba kutali, pempho lisanaganiziridwe nkomwe. Iye amaonetsetsa kuti ndalama zonse za bungwe zikudzera ku akaunti ya ku banki, ngakhale zitakhala zakuti zitapidwanso mawa lake. Kwa anthu ambiri izi zimaoneka ngati kutaya nthawi ndi ndalama ya basi. Koma banki imakhulupirira cikalata cake comwe coonetsa zolowa ndi zotuluka kuposa mau a munthu aliyense, ndipo kawirikawiri imapempha kuona ca miyezi isanu ndi umodzi kapena caka cathunthu. Bungwe limene linagulitsa matumba mazana asanu a soya, koma ndalama zake zinagawidwa pansi pa mtengo osafika ku banki, pamaso pa kalaliki uja lili ngati bungwe limene silinagulitse kanthu. Masiku ano ulendo wa basi unacepa, pakuti ndalama zikhoza kutumizidwa pa foni kapena kusiyidwa kwa maajenti a banki pamsika, malinga ngati zikupita ku akaunti ya bungwe osati ku nambala ya munthu mmodzi.

Buku la ndalama limalembedwa tsiku lomwelo, osati Loweruka pokumbukira. Lisiti lililonse, ngakhale la zingwe zosokera matumba, limasungidwa. Potapa ndalama pamasaina anthu awiri kapena atatu. Caka cikatha mabuku amaperekedwa kwa wopenda mabuku wocokera kunja kwa bungwe, monga lamulo la makopaletivu la 1998 lifunira, ndipo zotsatira zake zimawerengedwa pamsonkhano waukulu wa mamembala. Pamwamba pa izi pamafunika cikalata ca kulembetsa kwa bungwe, nambala ya msonkho ya TPIN yocokera ku Zambia Revenue Authority, zitupa za atsogoleri, ndiponso mau olembedwa a msonkhano umene unabvomereza kuti bungwe likongole, ochula ndalama zake ndi maina a ololedwa kusaina. Msungacuma amene anadutsamo kale m'njira imeneyi amasonkhanitsa zonsezi mu fayilo imodzi asanapite. Wacilendo amazidziwira pa kauntala, cimodzicimodzi, ulendo uliwonse akubwezedwa.

Koma yeso lalikulu la msungacuma silicitikira ku banki. Limacitikira pakhomo pake, nthawi zambiri usiku. M'mudzi mwagwa maliro, bokosi likufunika, ndipo onse akudziwa kuti m'nyumba mwa uje muli ndalama za cigayo za sabata yonse. Amene wabwera kudzapempha ndi malume ake, kapena nyakwawa, kapena wapampando mwini wake, ndipo akulonjeza kubweza akangogulitsa thonje. Kukana pamenepa kumaoneka ngati kusowa umunthu, ndipo palibe munthu woleredwa bwino amene angafune kuchedwa wouma mtima patsiku la maliro. Msungacuma wosazolowera amapereka, salemba cifukwa ca manyazi, ndipo pakutha pa caka m'mabuku mumapezeka dzenje limene palibe angalilongosole. Wozolowera amadziwa kuti maliro sadzaleka kugwa, motero amapempha msonkhano kuti ukhazikitse kathumba kapadera ka mabvuto, kokhala ndi malire ake ndi buku lakelake. Usiku uja ukafika amathandiza kucokera m'kathumbako, amalemba dzina ndi tsiku, ndipo ndalama za cigayo zimagona zosakhudzidwa. Ubale sunaonongeke, mabuku nawonso sanaonongeke. Wopenda mabuku akadzafika adzapeza zonse zikugwirizana, ndipo siginecha yake ndi imene kalaliki wa ku banki adzayang'ana.

Tsiku la kupempha likayandikira, nzeru za msungacuma zimaonekera pa funso lakuti bungwe lipemphe zingati. Msonkhano umakonda ciwerengero cacikulu, poganiza kuti banki idzadulako yokha. Komatu pempho lopitirira mphamvu za bungwe limangoonetsa kuti atsogoleri sanawerengere, ndipo limakanidwa lonse. Wodziwa nchito amayamba ndi mtengo weniweni wa makina, wolembedwa ndi sitolo yogulitsa, naonjezapo mtengo wa kunyamula, kumanga kanyumba, malamba, masefa ndi nyundo zapadera, ndi malipiro a wogayitsa a miyezi yoyamba. Kenaka amacotsapo zimene mamembala angasonkhe okha, pakuti banki imalimba mtima ikaona kuti eni ake aikapo zao.

Citsanzo congoyerekeza cingathandize apa. Bungwe likukongola K120,000 kuti libweze m'zaka ziwiri, ciwongoladzanja cili K30 pa K100 iliyonse pacaka. Ngati ciwongoladzanjaco cikuwerengedwa pa ndalama zimene zatsala mwezi ndi mwezi, bungwe lidzalipira pafupifupi K6,700 pamwezi, ndipo zonse pamodzi zidzakwana pafupifupi K161,000. Koma ngati cikuwerengedwa pa K120,000 yonse kufikira kumapeto, ngati kuti palibe cimene cabwezedwapo, malipiro a pamwezi adzakhala K8,000, ndipo zonse pamodzi K192,000. Okongoza onse awiri anachula 30 yemweyo, koma kusiyana kwake ndi pafupifupi K31,000, ndalama zogulira ng'ombe zingapo. Munthu amene sanakongolepo sadziwa nkomwe kuti pali funso lotere. Wozolowera amalifunsa asanagwire colembera, ndipo amafunsanso za ndalama zokonzera mapepala, za inshuwalansi, ndi cilango ca kucedwa kapena ca kubweza msanga.

Akadziwa malipiro a pamwezi amawaika pambali pa kalendala ya mudzi. Cigayo cimalira usana wonse kuyambira Meyi kufikira ca mu Okutobala, nkhokwe zili zodzaza. Mu Januwale ndi Febuluwale cimanga cimacepa m'makomo, ndalama zapita ku feteleza ndi ku sukulu, mseu wadzaza matope, ndipo obwera ndi tini yathunthu amasanduka obwera ndi meda. Ngati m'citsanzo cija cigayo cimatsala ndi K11,000 pamwezi m'masika koma K4,000 yokha m'miyezi ya njala, ndiye kuti K6,700 idzalemera pa nthawi imene bungwe lili lofooka. Msungacuma wanzeru sabisa miyezi yoipayo. Amailemba poyera, naonetsa kuti zotsala za m'masika zidzasungidwa kuti zilipire m'dzinja, kapena amapempha kuti malipiro akonzedwe motsata nyengo, komanso kuti papite miyezi ingapo makina atayamba kugwira nchito malipiro oyamba asanafike. Si banki iliyonse imene imabvomera, koma imene ili ndi nthambi ya zaulimi imamva cilankhulo cotere. Kalaliki amene waona mapepala ambirimbiri olonjeza phindu lofanana miyezi yonse khumi ndi iwiri amazindikira msanga kuti amene walemba za Febuluwale akudziwa cimene akucita.

Apa mpofunika kucenjeza za anthu ena opezeka pafupi ndi maofesi a pa boma, amene amalemba mapulani a malonda pa mtengo wakutiwakuti. Alipo ena odziwa nchito yao. Koma ambiri ali ndi pepala limodzi m'kompyuta limene amangosintha dzina la bungwe ndi la mudzi. Pepalalo limaoneka lokongola, Cingelezi cake cosalala, koma kalaliki akafunsa kuti nambala iyi yacokera kuti, nthumwi zimayang'anana. Kuposa pamenepo, a ku banki amabwera kudzaona malo ndi maso ao. Masamba awiri olembedwa ndi msungacuma amene angathe kuyankha pa nambala iliyonse amalemera kuposa masamba makumi atatu ogula.

Nkhani ya cikole ndiyo imagwetsa mphwayi anthu ambiri. Minda yambiri ya m'midzi ili m'manja mwa mafumu ndipo ilibe cikalata ca umwini, motero banki siingailandire. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti munthu kapena bungwe, mfumu ndi khonsolo zitabvomera, litenge cikalata ca zaka 99, koma njirayo ndi yaitali ndiponso yodya ndalama, ndipo malo oikidwa cikole akhoza kugulitsidwa kwa mlendo nkhongole ikalephereka. Kuyambira 2016 pali lamulo lina lolola kuti katundu wosunthika, monga makina, galimoto, ziweto ndi mbeu zosungidwa, akhale cikole, ndipo kaundula wake ali ku ofesi ya PACRA. Ici citanthauza kuti cigayo comwe cikugulidwaco cikhoza kuimira mbali ya nkhongole yake. Msungacuma wodziwa amakhala ndi buku la katundu wa bungwe, losonyeza tsiku logulira, mtengo, nambala ya makina ndi lisiti lake, pakuti cinthu copanda umboni wa umwini sicingakhale cikole. Ndiye amenenso amaimirira pamsonkhano kulongosola momveka kuti membala amene wasaina monga mboni yoimira nkhongole waika ng'ombe zake pangozi. Mau otere sakondweretsa anthu amene aomba kale m'manja, koma walira mvula walira matope, ndipo ndi bwino matopewo achulidwe anthu asanasaine.

Palinso cina cimene kale kunalibe. Mabanki ndi mabungwe ena okongoza amatumiza maina a okongola ku ofesi yosunga mbiri ya nkhongole, ndipo lamulo la 2018 ndilo likuyendetsa nchito imeneyi. Munthu amene anathawa nkhongole ku Chipata adzapezeka ndithu akakapempha ku Lusaka. Banki imayang'ana mbiri ya bungwe pamodzi ndi ya atsogoleri ake, cotero nkhongole yakale ya wapampando ikhoza kugwetsa pempho la anthu makumi asanu. Msungacuma wozolowera amafunsa anzake a m'komiti mwakacetecete, nthawi ikalipo, kuti aliyense akonze zake. Mbali yabwino ya kaundulayu ndi yakuti amakumbukiranso obweza. Ndico cifukwa cake ambiri odziwa amalangiza bungwe kuyamba ndi nkhongole yaing'ono, monga yogulira nsawa kwa mamembala kwa miyezi inai, kuibweza pa tsiku lake, ndipo pambuyo pake kupempha ya makina.

Ndalama zikatuluka nchito siinathe. Mvula ya 2023 ndi 2024 inadukiza pakati mbeu zili m'munda, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo zigayo zoyendera magetsi zinakhala cete pamene cimanga comwe cinali cosowa. Caka cotere sicisankha bungwe labwino kapena loipa. Kusiyana kumakhala pa zimene atsogoleri amacita. Wamantha amazimitsa foni, napita kwa a kaloba kukatenga ndalama zotsekera mwezi umodzi, ndipo mwezi wotsatira amakhala ndi nkhongole ziwiri. Wozolowera amapita yekha ku banki tsiku la malipiro lisanakwane, atanyamula mabuku, kukaonetsa mmene zinthu zasinthira ndi kupempha kuti malipiro atalikitsidwe. Banki siipindula kwenikweni polanda cigayo cakale ndi kucigulitsa pa mtengo wogwa, motero imamvetsera munthu amene wabwera msanga ndi ziwerengero zoona.

Nanga munthu wotere angapezeke kuti? Pamasankho ambiri udindo wa msungacuma umapatsidwa kwa munthu wolemera, poganiza kuti sangabe, kapena kwa wacibale wa wapampando, kapena kwa amene amapemphera kwambiri. Kukhulupirika ndi maziko, koma pakokha sikulemba buku. M'midzi muli aphunzitsi opuma amene anasungapo ndalama za sukulu, akalaliki akale a m'madepoti a Eastern Co-operative Union amene anayeza ndi kulemba matumba zaka zambiri, ndiponso amai amene ayendetsa cilimba ndi magulu osunga ndalama a m'mudzi popanda ngwee kusowa. Amai oterewa kawirikawiri amakhala kumbuyo pamsonkhano, ndipo dzina lao silichulidwa pokhapokha wina alichule mwadala. A ofesi ya makopaletivu pa boma amaphunzitsa kalembedwe ka mabuku, ndipo ku Lusaka kuli Cooperative College yophunzitsa zomwezi. Bungwe limene lakula, loyendetsa ndalama zambiri, liyenera kulipira akauntanti wolembetsedwa ndi Zambia Institute of Chartered Accountants, ngakhale kwa masiku ocepa pacaka, ndipo mabungwe atatu kapena anai oyandikana akhoza kugawana mtengo wake. Ndi canzerunso kuti msungacuma wacikulire akhale ndi wacinyamata womuthandiza, wodziwa foni ndi masamu, kuti nzeru zisapite ndi mwini wake tsiku limene maso adzafooka.

Msungacuma wabwino sangatsitse ciwongoladzanja, sangagwetse mvula, ndipo nthawi zina malangizo ake amakhala akuti bungwe lisakongole caka cino, lidikire kufikira masika ena. Mamembala amene analota cigayo amakwiya naye, ena namunena kuti akutsekereza citukuko. Koma pamene wabvomereza kuti nthawi yakwana, amawerengeranso masiku. Banki imatenga milungu ingapo kupenda pempho, kudzaona malo ndi kulembetsa cikole. Bungwe lofuna ndalama zogulira soya ndi nsawa mu Meyi liyenera kukhala litacita msonkhano wake waukulu, mabuku atapendedwa, ndi fayilo itaperekedwa mvula ikali kugwa, ca mu Febuluwale. Lopereka pempho mu Meyi lidzalandira yankho amalonda a masikelo atadutsa kale m'midzi ndi kunyamula mbeu zonse.